Tindevu ta pa tayala latsopano: tisiyeni, ndipo musagule tayala poyang'ana timeneti

Lero ndabwera ndi kankhani kakang'ono, kakang'ono zedi, koti ena mukangowerenga mzere woyamba mudzati mkuluyu zamuthera zolemba. Musathawe. Werengani mpaka pansi, pakuti m'kankhani kameneka muli ndalama zanu, mulinso khungu la m'mawondo mwanu ngati mumapalasa njinga. Ndikunena za tindevu ta mphira tija timaimirira pa tayala la njinga likakhala latsopano. Mumatidziwa. Ana amakonda kutizula tayala lili pa thebulo, makolo awo ali kalikiliki kunenerera mtengo.

Lachiwiri lapitali pa thebulo langa la zipangizo za njinga panabwera anthu awiri, wina m'mawa, wina chakumasana. Woyamba anali mnyamata, sindikhulupirira kuti wafika zaka 20, wa njinga ya magiya. Anagula matayala awiri, analipira osavuta, kenaka anakhala pa benchi langa n'kutulutsa lezala m'thumba la malaya. Ndinangoona wayamba kumeta tayala ngati mutu wa mwana wopita kusukulu. Ndinati, "Iwe mwana wanga, tayala ilo lakulakwira chiyani?" Iye anati, "Atate, ndichotse ndevuzi. Zigwira mphepo, njinga siithamanga. Ndiponso zioneka za kumudzi."

Wachiwiri anali bambo wa msinkhu wanga, wonyamula malasha kuchokera njira ya ku Chadiza. Ndinawapatsa tayala labwino, lolimba, mtundu womwewo umene ndimaika pa njinga yanga. Analitembenuza uku ndi uku, n'kulibweza. "Iyayi abambo, ili lagwirapo kale ntchito. Ndevu zake zili kuti?" Anasankha lina lotchipa, la ndevu zambiri ngati chimanga cha m'munda mwezi wa February. Ndinayesa kufotokoza, koma iwo anali atamanga kale mtima.

Tsiku limodzi, thebulo limodzi, wina akudana nato tindevuti, wina akutikhulupirira kuposa mawu anga. Ndinena mwaulemu kuti onse awiri anaphonya. Tindevu timeneti tilibe ntchito iliyonse. Kutimeta ndi kutaya nthawi, ndipo nthawi zina ndi kutaya tayala lomwe. Koma kugula tayala chifukwa wationa ndiye kulakwa kokulirapo, ndipo pamenepo ife ogulitsa tilinso ndi mlandu wathu.

Poyamba ndikuuzeni kumene timachokera, chifukwa pa msika ndamvapo zambiri. Ena amati ndi chidindo cha fakitale chosonyeza kuti tayala ndi orijino. Ena amati timathandiza kugwira msewu pa matope. Wina anandiuzapo kuti timatulutsa kutentha kuti chubu chisaphulike. Zonsezi ndi nkhani za pa benchi chabe.

Inu amene munaumbapo njerwa mudzamva msanga. Ukaponya dothi m'chikombole, mpweya n'kutsala pakona, njerwa imatuluka yoperewera kona kapena ya chibowo. Tayala nalonso limaumbidwa m'chikombole, koma chachitsulo. Lisanalowemo limakhala losalala, lopanda mano, mphira wake ali wofewa, atakutidwa pa nsalu ya ulusi ndi pa mawaya awiri a m'mphepete aja. Amaliika m'chikombole n'kutseka. M'kati mwa tayala amaikamo chinthu chonga chubu, n'kuchipopa ndi nthunzi yotentha kuti chikankhire mphira ku makoma a chikombole. Kutentha kwake kumafika madigiri 150 kapena kupitirira, apo madzi amawira pa 100 chabe. Ndi pamenepo pamene mano a tayala, dzina la kampani ndi manambala onse a m'mbali amadindika. Manje mpweya umene unali pakati pa mphira ndi chitsulo upite kuti? Ukatsekeredwa momwemo, tayala lituluka ndi mano operewera, monga njerwa ija. Ndiye opanga chikombole amachibowola timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri kuti mpweya uzithawira kunja. Mpweya ukatuluka, mphira wofewa uja amautsatira m'kabowo, amapsera momwemo, ndipo potsegula chikombole amatuluka ali kandevu. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Kamzere kopyapyala kamene mumakaona pakati penipeni pa matayala ena, kozungulira tayala lonse, ndi pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana.

Choncho kandevu kali ngati kaulusi kamene telala amakasiya kakulendewera pa msoko wa malaya. Telala wina amadula, wina amasiya. Kaulusiko sikakuuzani ngati msoko uli wolimba kapena ayi.

Ndingopatuka pang'ono, chifukwa ndimakonda mbiri ya zinthu zimene ndigulitsa. Luso lophika mphira ndi sulufule kuti alimbe, asamanate kukatentha, limadziwika ndi dzina la Charles Goodyear wa ku America, amene analembetsa luso lakelo mu 1844. Tayala la njinga lopopa mpweya linatchuka ndi John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, mu 1888. Iye ankangofuna kuti mwana wake asamagwedezeke pa kanjinga kake ka matayala atatu. Dzina lomwelo ife akuluakulu tinkalimva pa fakitale ya matayala ku Ndola. Ndipo ife a ku Chipata tinakula ndi njinga za Eagle za ku Luangwa Industries, atate athu ananyamulirapo thonje, nshawa ndi odwala. Sindikumbuka ndi tsiku limodzi lomwe kuti ndinaona atate anga atakhala pansi kumeta tayala.

Manje ndilankhule ndi inu anyamata a lezala. Mukuti tindevu tigwira mphepo. Mphepo imene imakubwezani pa njinga imagunda pa chifuwa panu, pa mutu panu, pa shati lanu limene lakhuta mphepo kumbuyo ngati tanga la ngalawa, ndi pa chikwama chimene mwabereka. Tindevu tonse ta matayala awiri mutatidula n'kutiunjika pa sikelo ya amayi ogulitsa nyemba, singano singasunthe. Chimene chimalemeretsa njinga ndi china: tayala lopanda mpweya wokwanira, tcheni chouma chimene sichinaonepo oyilo kuyambira mvula yatha, buleki imene ikukhuza limu, gudumu lopindika. Mnyamata wanga uja ndinamuuza kuti anyamule gudumu la kumbuyo, ine n'kulizunguza ndi dzanja. Linazungulira kawiri katatu n'kuima, chifukwa buleki inali itagwira mbali imodzi. Iye anali ndi lezala m'manja kulimbana ndi ndevu, njinga yake ikuyenda ndi buleki yomanga kuchokera kunyumba.

Chinanso, msewu umameta waulere. Tindevu ta pakati, pamene tayala limagunda pansi, timatha tokha mukapalasa pa tala tsiku limodzi kapena awiri. Ta m'mbali timatsala chifukwa sitigunda pansi, ndipo chinthu chimene sichigunda pansi sichingakuchedwetseni.

Koma lezala lili ndi choopsa chake. Tagwirani tayala la njinga ndi zala ziwiri m'mbali mwake, pamene palembedwa manambala. Muona kuti ndi popyapyala. Pansi pa kamphira kochepa ako pali ulusi, ndipo ulusi umenewo ndiwo umagwira mpweya wonse umene mwapopa pamodzi ndi katundu amene mwasenza. Mphira ndi chovala chabe, mphamvu ya tayala ili mu ulusi. Dzanja likaterereka pang'ono, lezala n'kudula ulusi utatu unayi, tsiku loyamba simudzaona kanthu. Pakapita sabata pamenepo pamatupa ngati chithupsa, chubu chimayamba kusuzumira, ndipo tsiku lina mudzangomva phuu! Zaka zapitazo wina anabwera nalo tayala lotero kuti ndimubwezere ndalama, akuti ndinamugulitsa lowola. Ndinamuonetsa kamzere kowongoka bwino ka lezala pamene panatupa. Tayala lowola siling'ambika mowongoka choncho. Sindinamubwezere, ndipo mpaka lero sagula kwa ine.

Ndisakunamizeni, sikuti aliyense wodula tindevu amaononga tayala. Mwana akazula kamodzi kapena tiwiri ndi zala, tayala silimva kanthu. Ndipo pali anthu ena amene amangokonda chinthu chaukhondo, njinga yawo amaipukuta m'mawa uliwonse, masipoko akuwala. Amenewo sindingakangane nawo, njinga ndi yawo, nthawi ndi yawo. Ndingopempha kuti lezala ndi mpeni zikhale kutali. Ikani tayala pa limu kaye, popani, kenaka tengani chowengera zikhadabo kapena kasizasi kakang'ono, muzidula n'kusiya katsinde. Katsindeko katha kokha.

Pali chifukwa chimodzi chimene ndimachimva: tindevu tikamakhuza madigadi, njinga n'kumalira tsee, tsee, tsee njira yonse. Phokoso limenelo limatopetsa ndithu. Koma ngakhale pamenepo, taganizani. Ngati kandevu kakang'ono kakukhuza madigadi, ndiye kuti madigadi ali pafupi kwambiri ndi tayala. Mwezi wa January, pa dothi lathu lofiira lomata lija, matope adzadzaza mpata umenewo gudumu n'kuima nji, inu muli pakati pa njira ndi thumba la feteleza. Mukameta ndevu phokoso litha, koma vuto lidakalipo, likungodikira mvula. Masulani mabauti, kwezani madigadi, wongolani timawaya togwira. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Za ometa ndathera pamenepo. Manje ndibwere kwa abambo a malasha aja, ndi kwa inu nonse amene mukafika pa thebulo chinthu choyamba mumasisita tayala kufuna ndevu. Apa ndikhalitsa, chifukwa apa ndi pamene pamatayika ndalama za anthu osauka.

Sindikusekani. Ndidziwa chifukwa chake mumatero. Munagulapo chinthu chakale pa mtengo wa chatsopano, munapsapo, ndiye mukufuna chizindikiro chimene maso anu angaone popanda kudalira pakamwa pa wogulitsa. Nzeru imeneyo ndi yabwino. Vuto ndi lakuti chizindikiro mwasankhachi chimanama mbali zonse ziwiri.

Ndanena kale kuti tindevu ta m'mbali sitigunda pansi. Tayala litha kuyenda miyezi yambiri, mano a pakati n'kuyamba kutha, koma m'mbali tindevu tidakali chiimire. Munthu wosaongoka amalitsuka ndi sopo, n'kulipaka polishi wa nsapato wakuda, n'kulipachika. Inu mubwera, musisita m'mbali, mumva ndevu, mulipira. Akuba amadziwa bwino chimene inu mumayang'ana, ndipo amakupatsani chomwecho.

Mbali ina, pali matayala abwino amene amachoka ku fakitale opanda ndevu kapena ndi zochepa. Mafakitale ena amadula okha asanatumize, ena zikombole zawo zinapangidwa mwa njira yoti mpweya utuluke koma mphira asatsatire. Ndiye tayala labwino mulikana chifukwa lametedwa kale, mutenga lotchipa chifukwa ndi la nyankhalala. Ndi zimene zinachitika Lachiwiri lija.

Koma chachikulu ndi ichi. Tayala litha kukhala loti silinagundepo pansi chipangidwire, ndevu zonse zilipo, koma lili lokalamba. Mphira amakalamba ngakhale osagwira ntchito. Dzuwa limamudya, kutentha kumamuumitsa, mpweya womwewu timapumawu umamung'amba pang'onopang'ono. Inu amayi mukudziwa malegeni amene mumamangira katundu: mukawasiya pa denga mwezi wa October, mukadzawakoka amangoduka. Tayala ndi chimodzimodzi. Ndipo taonani mmene ife amalonda timasungira matayala. Timawapachika pa msomali kunja kwa shopu, padzuwa, kuti odutsa aone kuti pano pali matayala. Limene lili kutsogolo limapsa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku, mwina chaka chathunthu, ndevu zake zili bwinobwino.

Apa ndiyenera kuulula kanthu, chifukwa sindingadzudzule ena ine n'kudzibisa. Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku Lusaka kukaoda katundu, ndipo wogulitsa wina wa holoselo anandipatsa mtolo wa matayala pa mtengo wotsika kwambiri. Ndinadziwa chifukwa chake. Ndinagwira limodzi, linali louma, lolimba ngati chikopa cha ng'ombe chosafufuta. Koma ndinawerengera phindu m'mutu n'kutenga. Ena anagulidwa msanga. Atatu anatsala pa msomali, mvula inabwera n'kupita, dzuwa linabwera n'kupita.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wochokera kumudzi, njira ya ku Lundazi, ndalama zake zomangidwa pa kansalu. Anafunsa funso limodzi lokha: "Abambo, ndi latsopano ili?" Ine ndinati, "Onani ndevu izi. Silinagundepo pansi." Mawu amenewo anali oona, palibe liwu limodzi labodza. Koma ndinadziwa chimene bamboyo amafunsa. Amafunsa ngati tayalalo lidzamunyamula iye ndi katundu wake. Ndipo ine ndinamulozera ndevu kuti asayang'ane kwina.

Sipanathe masabata awiri. Anabwera akukankha njinga, mkono wakumanja wosupuka kuyambira pa chigongono mpaka pa dzanja, thalauzi long'ambika pa bondo. Tayala linang'ambika m'mbali ali pa mtsetse, kumbuyo atamanga thumba la nshawa. Thumba linaphulika, nshawa zina anatola, zina zinatsala mu fumbi. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira. Anangoimika njinga patsogolo pa thebulo langa n'kunena kuti, "Abambo, munati ndi latsopano." Ndevu za m'mbali zinali zidakalipo, pafupi penipeni ndi pamene panang'ambika.

Ndinamupatsa tayala lina ndi chubu, ndinamuikira ndekha, ndinamupatsanso ya mankhwala. Koma nshawa zake sindinabweze, tsiku lake la malonda sindinabweze, ndipo akanagwa kutsogolo kwa lole sindidziwa ndikanabweza chiyani. Ine amene pa Sondo ndimaimirira kutsogolo kwa anthu ndi buku m'manja. Matayala awiri otsalawo ndinawadula ndi mpeni tsiku lomwelo kuti ndisadzayesedwenso. Limodzi la iwo ndi lija mumaliona lili lopachikidwa kunja kwa shopu yanga mpaka lero. Limenelo ndi chikwangwani chabe. Ogulitsa ali m'kati, pa mthunzi.

Amalonda anzanga, ndikupemphani, lekani kulozera makasitomala ndevu. Ndidziwa mpikisano ulipo, ndidziwa lendi ya shopu siidikira, ndidziwa kuti ukanena zoona kasitomala amapita pa thebulo la mnzako amene anena zokoma. Zinandichitikira Lachiwiri lomwelo mwa njira ina: abambo a malasha anatenga lotchipa, phindu langa linachepa. Koma munthu amene agula tayala kwa ife kawirikawiri njinga ndiyo munda wake, ndiyo basi yake, ndiyo ambulansi ya banja lake usiku. Pachikani tayala lakufa kunja, amoyo sungani m'kati. Akale gulitsani poyamba asanaume. Limene lauma kale musaligulitse ndi pa mtengo wotsika pomwe, pakuti mtsetse sufunsa kuti unagula zingati.

Manje inu ogula mufunsa kuti, nanga tikasiya ndevu tiyang'ane chiyani? Tengani tayala m'manja, musachite manyazi, ndalama ndi zanu. Lifinyeni m'mbali ndi zala kuti mphira apindike, muyang'ane pa kuwala. Mukaona timing'alu ting'onoting'ono ngati pa chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato, libwezeni, kaya ndevu zichuluke bwanji. Yang'ananinso m'mizere ya pakati pa mano, ming'alu imayambanso mmenemo. Tayala lamoyo limafewa ukalifinya, n'kubwerera msanga ukalisiya. Ukakanikiza chikhadabo pa dzino lake limalola pang'ono. Lokalamba limakhala gwa, ndipo mtundu wake umatuwa. Likanyezimira mopitirira, lipukuteni ndi chala munuse, polishi sabisika. Kenaka yendetsani zala m'mphepete monse mmene muli waya. Waya akapindika kapena akatulukira ndi dzimbiri, tayala limenelo silidzakhala bwino pa limu. Pisaninso dzanja m'kati, mumve ngati muli chigamba kapena ulusi wotukuka. Ndipo mano a pakati muwayerekeze ndi a m'mbali. Tayala limene layendapo makona a mano ake a pakati amakhala obulungira, osati akuthwa.

Inu amene muli ndi galimoto kapena minibasi muli ndi mwayi, chifukwa pa tayala la galimoto tsiku lopangidwa limalembedwa. Pambali pake, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala ambiri a njinga amene timagulitsa pa msika alibe zimenezi, ndiye zala zanu ndi maso anu ndiwo kalendala.

Koma pali manambala ena pa tayala la njinga amene anthu sawerenga, ndipo amenewa ndiwo amabweretsa mikangano yambiri pa thebulo langa kuposa china chilichonse. Munthu abwera, akuti, "Ndipatseni 28." Kapena, "Ndipatseni 26." Abale, 28 alipo awiri, ndipo salowana. Njinga zathu zakuda zija zonyamula katundu zimavala 28 x 1½. Koma pali njinga zina zobwera kuchokera kunja zimene tayala lake lalembedwanso 28, kapena 700C, ndipo limu yake ndi yocheperako. Njira yosaphonya ndi kuyang'ana manambala ena olembedwa chonchi: 40-635. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu. Njinga yakuda ija ndi 635. Inzake ija ndi 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 chabe, koma la 622 simungalilowetse pa limu ya 635 ngakhale muitane anyamata anayi, ndipo la 635 pa limu ya 622 limangovuka. Ku 26 nakonso ndi chimodzimodzi. Njinga za magiya zambiri, zolembedwa 26 x 1.75 kapena 26 x 1.95, ndi 559. Koma 26 x 1⅜ ndi 590. Nambala yachiwiriyo ikafanana ndi ya pa tayala lanu lakale, lidzalowa. Ikasiyana, musalole munthu akuuzeni kuti "lizakhala chabe, tizakakamiza." Kukakamizako ndi kumene kumathyola waya wa m'mphepete.

Ndipo mphindi zija mukanathera pometa ndevu, zitherani apa. Musanaike tayala latsopano, yang'anani kalamba kamene kamaphimba mitu ya masipoko m'kati mwa limu. Kakang'ambika kapena kakasowa, mutu wa sipoko udzabowola chubu chatsopano tsiku lomwelo, inu n'kubwera kudzanditukwana kuti chubu changa ndi chabodza. Chubu chakale chodula bwino chimagwira ntchito imeneyi. Ngati tayala lili ndi muvi m'mbali, muviwo uloze kumene gudumu limazungulirira poyenda kutsogolo. Chubu muchipope pang'ono musanachilowetse kuti chisapindike, ndipo sikuludiraiva isayandikire, imaluma chubu. Mukapopa theka, zunguzani gudumu muyang'ane kamzere kamene kali pa tayala pafupi ndi limu. Kayenera kuoneka mofanana kuzungulira konse. Pena kakalowa pena kakatuluka, tulutsani mpweya mukonze, musapitirize kupopa.

Za mpweya ndiye ndimalankhula tsiku lililonse mpaka mawu kusasa. Pambali pa tayala palembedwa mpweya woyenera, nambala yotsatana ndi zilembo PSI. Ambiri tilibe pampu ya geji, zoona, koma chala chachikulu tili nacho. Tayala lonyamula malasha kapena munthu pa kaliyala, ukalikanikiza ndi chala lisalowe. Anthu amaopa kupopa, akuti liphulika ndi dzuwa, ndiye amayenda ndi tayala lofewa. Tayala lofewa ndilo limafa msanga. M'mbali mwake mumapindika pa kuzungulira kulikonse mpaka ulusi kutopa, ndipo mukagunda mwala limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo tiwiri totero musanamizire minga. Ndi mpweya unachepa.

Mnyamata uja lezala lake ndinamulanda, n'kumubwezera pamene amachoka. Mwamwayi anali atangoyamba pa mano, m'mbali anali asanafike. Tinakonza buleki, tinathira oyilo pa tcheni, tinapopa matayala mpaka gwa. Anapalasa kukafika kumapeto kwa mzere wa mashopu n'kubwerera akuseka, akuti, "Atate, mwaichita chiyani njinga yanga?" Tindevu tonse tinali pomwepo. Abambo a malasha sindinawaonenso. Tayala limene anatenga silinali lowola, ndinaliona ndekha, koma ndi lopyapyala, ndipo pa matumba amene iwo amamanga sindilipatsa miyezi yambiri. Akabwera sindidzawakumbutsa, ndidzangowapatsa lija analikana.

Inu amene mukufuna tayala mwezi uno mvula isanayambe, bwerani ndi lakale, kapena lembani manambala onse a m'mbali mwake pa kapepala, makamaka ija ya 635, 622, 590 kapena 559. Amene muli ndi foni ya kamera jambulani chabe. Ndipo amene makolo anu ali kumudzi sawerenga za pa foni, muwafotokozere pakamwa za kufinya tayala m'mbali ndi kuyang'ana ming'alu. Pa Chiweru ndimatsegula 7 koloko.